Ndowe za Panjira ya Ng'ombe

Jonasi Shaba anapita ku migodi ya ku Joni mu Malichi 1972, nasiya mkazi wake Elube ndi mwana wawo Towera pamudzi wa makolo ake, kumwera kwa Embangweni. Elube anali wa ku Kasungu. Chitumbuka ankachimva, koma miyambo ya Angoni a kumeneko sankaidziwa yonse.

Mu Meyi, tsiku la sikelo kuchipatala cha mishoni, namwino Iness anamuyeza Towera, kenako anagwira tsitsi lake lomwe linali litayamba kufiira.

"Watsikanso mwanayu, mama. Mukumupatsa chiyani?"

"Phala la ufa woyera."

"Mbwenu vuto ndi lomwelo. Muziikamo nsinjiro, dzira ndi masamba. Akapanda kukwera pofika Okutobala timugoneka kuno, inunso mudzagona naye."

Elube anadziwa tanthauzo lake. Mwana akanalowa m'chipatala mvula ili pafupi, munda wawo ukanagona chaka chonse, njala ikanawapeza onse awiri.

Mtedza unalipo, nkhuku yoikira inalipo imodzi. Masamba ndiwo kunalibe, chifukwa dambo lonse linali lodyetsera ng'ombe. Choncho anamanga mpanda wa udzu kuseri kwa nyumba yake, nalima mabedi atatu a mpiru, repu ndi tomato. Dothi lake linali mchenga woyera. Linkafuna manyowa.

Kwawo manyowa ankatapa aliyense. M'mawa wina ng'ombe zitatuluka, Elube anatenga dengu ndi khasu, nalowa m'chibaya, khola lalikulu la apongozi ake aamuna, a Wallace. Akutuluka ndi dengu lachiwiri anamva mfuu.

"Mayo ine! NyaMwale, mwachita chiyani?"

Anali apongozi aakazi, a Kezia, akumuitana ndi mfunda wake, manja ali kumutu. Pamudzipo mkamwana saponda m'chibaya. Mmenemo ndi mmene amuna amalankhulira ndi makolo awo.

A Wallace sanakalipe. Mwambo sunkawalola kulankhula ndi mkamwana maso ndi maso, choncho anayang'ana akazi awo, Elube atagwada chapatali.

"Muwauze a kwa Jonasi kuti za m'chibaya zibwerere m'chibaya."

Lyford, mng'ono wake wa Jonasi, ndiye anafukula bedi nkubweza manyowawo. Chopepesera chinali nkhuku. Elube anapereka yoikira ija, popeza inali yokhayo.

"Alamu, ndapota, musandide," anatero Lyford akukolopa dengu. "Koma a ku Kasungu inu! Mawa tikupezani mutakwera ng'ombe yamphongo."

Elube sanaseke. Dzira la Towera linali litapita, mbande zinali zachikasu.

Tsiku lina akuchokera kuchitsime anaima kuti ng'ombe zidutse. Zinkatsika njira yawo ya masiku onse yopita kudambo, zikusiya ndowe mmbuyo. Anatula ndowa, napita kwa a Kezia.

"Amama, kodi njira ya ng'ombe ija nayonso ndi ya amuna?"

"Njira ndi njira. Amapondamo ngakhale agalu."

"Nanga zogwera panjirapo ndi za yani?"

A Kezia anaganiza pang'ono, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Za nyongolotsi, mwana wanga."

Kuyambira pamenepo Elube ankatsata ng'ombe m'mawa uliwonse, Towera ali kumsana, dengu lili pamutu. Akazi anzake kuchitsime anamutcha kapitawo wa ng'ombe. Iye ankangoyankha kuti, "Yewo," nkupitirira. Ndowe zaziwisi zimawotcha mbewu, choncho anakumba dzenje, nkumaziika mosinthana ndi phulusa ndi mapesi, nkumathirapo madzi otsukira mbale. Mbande zoyamba zinafa ndi chisanu cha mu Juni. Anafesa zina mu Julayi, manyowa atapsa, ndipo madzulo ankazifunditsa udzu.

Mpiru unayamba kutcheredwa kumapeto kwa Ogasiti. Elube ankausinja wophika, nkuusakaniza ndi nsinjiro m'phala la mgaiwa. Poyamba Towera ankalavula. Kenako anayamba kulirira supuni.

Pofika Seputembala mfutso unali utatha m'nyumba zonse za pamudzipo. Elube anaphika repu wotendera ndi tomato woyamba kupsa, napereka mbale kwa a Kezia kuti apititse kwa amuna. Mbaleyo inabwera yopukutidwa ndi chala.

"Akufunsa kuti ndiwozi zachokera kumsika wa ku Jenda kapena," anatero a Kezia.

"Muwauze kuti zachokera kwa ng'ombe zawo zomwe. Koma m'chibaya sindinapondemo."

Sikelo ya Okutobala inachitika Lachitatu loyamba la mweziwo. Namwino Iness anamupachika Towera, nayang'ana muvi, namutsitsa, namupachikanso.

"Ndimayesa sikelo yalakwa. Wakwera chomene! Mwamupatsa chiyani?"

"Zomwe munanena, kupatula dzira."

"Pitani naye kwanu, mama. Bedi lathu tipatsa wina." Atatero anatembenukira amayi omwe anali pamzere. "Mukumuona mwana uyu? Mufunse amayi ake musanapite."

Elube anafotokoza za dzenje ndi phulusa mu Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, amayi akumukonza mawu uku akuseka. Ena anapempha mbewu ya mpiru.

Atafika kunyumba anapeza ngolo itaima pa mpanda wake, ng'ombe ziwiri zili pagoli. Lyford ankatsitsa manyowa akuda, okhwima, a pakati penipeni pa chibaya. A Wallace anali chilili pafupi ndi mulu, fosholo ili m'manja, thukuta lili pamphumi. Elube anagwada pomwe anali. A Wallace anayang'ana akazi awo monga mwa masiku onse.

"Muwauze a kwa Jonasi kuti iwo m'chibaya salowa. Koma palibe mwambo woletsa chibaya kubwera kwa iwo. Ndipo mabedi atatu achepa."

A Kezia anatulutsa m'nsalu nkhuku yathadzi, naiika m'manja mwa Towera, yemwe anaigwira mchira nkukana kuisiya.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala. Inamupeza Elube ali m'munda mwake akubzala chimanga, Towera akuyenda yekha pakati pa mizere.