Alendo Ochokera Kumwamba

Kalabu yathu inayamba mu 1997 m'nyumba yanga ya lendi ku Parklands mu Nairobi, patatha chaka mkazi wanga Eneles atamwalira. Sindinaiyambitse ndine. Anyamata awiri a ku yunivesite, Lusayo ndi Lawson, anabwera kudzabwereka dikishonale, n'kuona mabuku anga a nkhani zopeka za sayansi, za zombo zopita ku nyenyezi. Loweruka lotsatira anabwera ndi Watipa, mtsikana wophunzira unamwino amene ankalemba nkhani zakezake m'kope. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ndinkatsuka makapu asanu ndi awiri. Masiku enawo ndinkatsuka imodzi.

Ankakangana zinthu zopanda mutu, monga ngati roboti ingabatizidwe. Lusayo ankakhala ku Rongai, kunja kwa mzinda, ndipo ankafika mochedwa nthawi zonse. Lawson ankati munthu wopirira minibasi za ku Rongai, zimene ku Kenya amati matatu, ku Mars angapite osapempha madzi.

Amene ndinalakwitsa ndine. Ntchito yanga inali yomasulira mabuku a mpingo, choncho anandipempha kulemba chidziwitso m'Chichewa, choti chimatidwe pakhomo la holo imene Amalawife tinkapemphereramo Lamlungu loyamba la mwezi. Mawu otchulira zamoyo za m'mapulaneti ena anandisowa. Ndinalemba kuti onse okonda nkhani za alendo ochokera kumwamba abwere kwanga Loweruka.

Anabwera munthu mmodzi: Mayi Consolata, mkulu wa chigwirizano cha amayi, atavala chitenje cha mpingo, buku la nyimbo lili m'manja. Ankayembekezera phunziro la angelo. Amene anawatsegulira chitseko anali Lawson, atavala kumutu poto wanga wa aluminiyamu womangirira mawaya awiri. Pakhoma panali chithunzi chimene Lusayo anajambula, cha chinthu cha maso atatu.

Zaka zimenezo mu Nairobi munkamveka mphekesera zambiri za olambira Satana. Mayi Consolata anakhala m'mphepete mwa mpando, tiyi osamukhudza. Ananena mwaulemu kuti abusa ayenera kumva za zimenezi. Theka la ana amenewa ankagona ku hositelo ya mpingo, ndipo ndinadziwa kuti abusa akangotsokomola, palibe adzakwerenso masitepe a nyumba yanga.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinayambira kutali, pa kutalika kwa mtunda wapakati pa nyenyezi, ndipo sizinathandize.

"A Sylvester," anatero mayiwo, "ingochitani zimene mumachita. Ndimve ndekha."

Linali tsiku loti Watipa awerenge mutu wachisanu wa nkhani yake. Nkhaniyo inali ya anthu mazana anayi amene ananyamuka pa dziko lapansi m'chombo, ulendo wa zaka makumi asanu ndi anayi. M'mutu umenewu munachitika maliro oyamba: nkhalamba ina, dzina lake Deliwe, inamwalira. Woyendetsa chombo analamula kuti mtembo autulutsire kunja pa kachitseko, upite m'mlengalenga.

"Dikira kaye, mwana iwe," anatero Mayi Consolata. "Amutaye?"

Watipa anayankha kuti umu ndi momwe zimakhalira m'nkhani zotere. Mayiwo anafuna kudziwa amene anasambitsa mtembo, amene anagona pa siwa, ndiponso ngati akuchimuna anauzidwa. Pa anthu mazana anayi, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa nyimbo? Lusayo, amene ankaphunzira uinjiniya, anatenga pepala n'kuyamba kuwaonetsa kuti chombo sichingabwerere chifukwa mafuta sangakwane.

"Mafuta?" anatero mayiwo. "Ife kuno ku Kenya sitisiya munthu wathu. Funsani ankolo anuwa amene anaperekeza Eneles mpaka ku Ntcheu."

Ine ndinanyamuka kukaona ketulo kukhitchini. Sinali pamoto, koma ndinaima pafupi nayo kwa kanthawi ndithu, kenako ndinaiika pamoto kuti ndikhale ndi chifukwa.

Pobwerera ndinapeza Lawson atavula poto uja n'kumuika pamwendo. Mayi Consolata anali atasendera pakati pa mpando, mandazi awiri atapita kale. Ankafunsa Lusayo kuti chombocho chinganyamule matumba angati a dothi. Maganizo awo anali oti anthuwo akananyamuka ndi dothi la kwawo, aliyense thumba lake, la ku Karonga, la ku Dedza, la ku Nsanje, kuti m'chombomo mukhale manda. Lusayo ankadandaula za kulemera kwake. Lawson anati atsitse anthu makumi asanu, ayambire ochedwa a ku Rongai. Watipa ankalemba mothamanga, lilime lili kunja pang'ono.

Dzuwa litapendeka ndinawaperekeza mayiwo pa siteji ya matatu. Tinayenda mpaka pa duka la pakona, pamene ndinawafunsa chimene akawauze abusa.

Anati iwo sakonda kupereka lipoti la nkhani imene aimva theka. Gogo Deliwe anali asanaikidwe, ndipo ana amenewa akawasiya okha adzachita zamanyazi. Adzabweranso Loweruka kudzapitiriza kufufuza. Anawonjeza kuti chithunzi cha maso atatu chija chichoke, osati chifukwa cha Satana, koma chifukwa n'chonyansa.

Kufufuzako kunatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Abusa lipoti sanalilandire. Pamene Mayi Consolata ankabwerera ku Zomba mu 2003, amuna awo atapuma pa ntchito, anali ataika anthu khumi ndi atatu a m'chombo cha Watipa, aliyense m'dothi la kwawo. Roboti imodzi anaikana. Anati imeneyo ikanapempha ubatizo idakali moyo akanaiganizira.