Pini ya Mkono wa Ngolo

"Pini ili kuti, alamu?"

Kanali kachitatu kufunsa. Mng'ono wa malemu anali atanyonyomala kutsogolo kwa ngolo ya boti, atakwinya thalauza la suti kuti lisade. Mkazi wa malemu anaima pakhomo la galaja atapinda manja, ndipo kachitatunso anati sakudziwa. Pini inali m'kamisolo mwake. Inabwera kuchokera kuchipatala m'jumbo imodzi ndi ovolosi ya mwamuna wake, ndipo chiipezereni m'thumba la ovolosiyo sanaisiye paliponse.

Mwamunayo anamuika m'manda Lachiwiri. Ili linali Lachisanu. Nkhata pamanda zisanafote n'komwe, mng'ono wake anali atafika kale ndi pikapu yobwereka kudzatenga boti. Akuti akukalisunga. Kusungira ndani? Botilo ndi limene linkadyetsa nyumbayi. Lolemba ankalikoketsa kupita kudoko, sabata yonse likuwolotsa anthu ogwira ntchito kutsidya, Loweruka n'kubwera nalo kudzalitsuka. Likatuluka pageti lero ndiye kuti lapita, iye ndi ana ake aakazi awiri atsala ndi makoma.

Galajayo inali yaifupi. N'chifukwa chake malemu anadula mkono wa ngolo, chitsulo chachitali chokolekera kugalimoto chija, n'kuika hinjesi pakati kuti uzipindikira pambali, chitseko chizitsekeka. Ukauwongola umalowetsa pini yonenepa ngati chala chachikulu. Popanda piniyo mkono umangogwedezeka ngati dzino loti lazuka kale.

Mlamu anasanthula m'zitini ndi m'mashelefu akung'ung'udza. Anati achimwene ake ankakonda ngoloyi kuposa anthu, chilichonse ankachipaka girisi, akanatha akanapaka ndi mkazi yemwe. Anatinso zitsulo si za munthu wamkazi, zikhala pano zichita dzimbiri.

"Inuyo munagwirapo sipanala?" anafunsa mayiyo. "Ngakhale botolo amakutsegulirani ndi akazi anu."

Mlamu anapitiriza kusanthula. Anapeza msomali wautali wokhomera denga, anaulowetsa pabowo la pini, n'kuupinda kunsonga ndi mwala. Anadzuka akusasa m'manja ngati wamanga mlatho.

Apongozi anali atakhala kale kutsogolo kwa pikapu, chikwama pamiyendo, maso atatupa. Ankabwerera kwawo ndi mwana wawoyo. Za boti anavomera dzulo lake osatsutsa. Mwana wotsalayu ndi amene amawagulira mankhwala, akanati chiyani?

Koma panali chinthu chimene mayiyo yekha ankachidziwa. Achibale onse anangomva kuti ndi mtima, palibe anafunsa kuti munthuyo ankatani pamene mtimawo unaima.

Ngoloyo ili ndi mabuleki akeake. Galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha kutsogolo, kukankhako kumapanikiza mafuta m'mapaipi, matayala n'kugwira. Loweruka lija malemu anasintha mapadi a mabuleki, anathira mafuta atsopano, kunatsala kutulutsa mpweya m'mapaipi. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, ndipo anaigwira limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mwamuna amagona pansi pa ngolo ndi sipanala, kumasula ndi kumanga kanati ka patayala. Mkazi amaima kumkono ndi kachitsulo kopopera. Mawu ake ndi atatu basi: pompa, gwira, siya.

Tsikulo anati pompa, iye anapompa. Anati gwira, iye anagwira. Siya sanamveke. Anagwirabe mpaka mkono kuyamba kunjenjemera, akumutukwana kuti mwagona kodi pansipo, ine ndili ndi zochapa. Kenako anaona mafuta akuyenderera pasimenti, kudutsa pafupi ndi nsapato za mwamuna wake, nsapatozo zili duu. Kanati kanatsala kotsegula mpaka lero. Mafuta onse anatha. Iye anathirapo mchenga kuti anthu a pamaliro asaterereke.

Ngoloyo inalibe mabuleki. Ndipo kuchoka pageti msewu umatsetsereka mpaka pamphambano pomwe pali sukulu. Boti ndi ngolo yake n'zolemera kuposa kapikapu kameneko.

Apite, mayiyo anaganiza choncho, ndipo sanachite manyazi kuganiza. Akanena, mlamu angoitana makaniko, ola limodzi zatheka, boti lapita bwinobwino. Akapanda kunena lipitabe, koma wakubayo akalidziwa. Kuyambira m'mawa mawuwo anali pakhosi, iye akuwameza.

Injini inalira. Ngolo inatuluka m'galaja pang'onopang'ono, msomali uja ukulira pahinjesi. Pikapu itafika pomwe iye anaima, apongozi anatsitsa galasi.

"Utsale bwino, mwanawe. Uzidya. Waonda."

Mawu awiri omalizawo anawanena mokalipa, monga ankanenera mwana wawo akafuna kubisa chisoni. Kumunsi kwa chitunda belu la sukulu linayamba kulira.

Mayiyo anathamanga, nsapato imodzi inatsalira pakhomo la galaja. Anakaima pakati pa geti n'kumenya boneti ndi manja onse awiri. Mlamu anaponda buleki, ngolo inagunda pikapu kumbuyo, apongozi anatsala pang'ono kumenyetsa chipumi pagalasi. Apo ndi pamalo athyathyathya, galimoto ikuyenda ngati nkhono.

Mayiyo ananena zonse za mabuleki, mokuwa, mamina akutsika. Mlamu anatuluka akuti ndi bodza, ndi machenjera a munthu wokanirira katundu wa eni. Mayiyo anamugwira padzanja, anamukokera kumkono wa ngolo, anatsegula kachivindikiro ka mafuta n'kulowetsamo chala chake cha mlamuyo. Chinatuluka chouma. Anamulozera msomali. Unali utapindika kale pakati, asanatuluke n'komwe pageti.

Kenako anapisa m'kamisolo, anatulutsa pini n'kuiponya pafumbi.

"Nayo. Tengani. Mukaitane makaniko, mulikonze, mulitenge, mukalidye. Koma simukaphera ana a eni ndi ngolo ya mwamuna wanga."

Anakhala pansi pomwepo. Anali atapereka zonse. Mlamu anatola pini, anaipukuta ndi kansalu ka m'thumba, n'kunena kuti mwachita bwino alamu, pali makaniko wina amamudziwa, afika pompano. Anatulutsa foni.

Apongozi anatsika m'galimoto movutikira, atagwira chitseko. Anayenda mpaka pomwe mayiyo anakhala. Anafunsa ngati ankadziwa zimenezi kuyambira m'mawa. Iye anati eya.

"Ndiye unafuna tipite choncho?"

"Ndinafuna, amayi."

Mlamu anati mwamva nokha, munthu wake ndi ameneyu, mfiti yeniyeni. Apongozi sanamuyang'ane. Anafunsanso kuti mwana wawo anagwera pati. Mayiyo analoza m'galaja, pamchenga wakuda uja. Mayi wokalambayo analowa, anaima pamenepo nthawi yaitali, anakanda mchengawo ndi nsonga ya nsapato. Atatuluka anauza mwana wawo kuti amasule ngolo.

Mlamu anayamba kufotokoza za magazi, za dzina la banja, za mkazi amene mawa akhoza kukwatiwa kwina.

"Mmodzi ndaika Lachiwiri," anatero apongozi. "Iwe lero ukanandiika ine ndi msomali wakowo, n'kudziikanso wekha. Boti likhale ndi amene akudziwa kuliimitsa. Mpatse piniyo."

Mlamu anapereka osamuyang'ana. Kubweza ngolo m'galaja kunafuna kukankha, ndipo anakankha, suti yonse girisi, akutukwanira pansipansi. Ponyamuka sanatsanzike. Mayiyo naye sanathokoze aliyense. Athokoze chiyani, kusiyiridwa chake chomwe? Ankadziwa kuti mlamu adzabweranso ndi amalume, mwina ndi mapepala. Koma Lolemba boti liyenera kukhala pamadzi, ndiye kuti mawa mwana wamkulu aime kumkono aphunzire kupompa, iyeyo agone pansi ndi sipanala.

Mayiyo anazula msomali wopindika uja ndi pulayala, anapinda mkono wa ngolo pambali. Unapindika mwakachetechete, girisi wa malemu akadali wofewa. Anapita kukhoma kuti akapachike pini pamalo pake, pamsomali wa dzimbiri umene mwamuna wake, munthu wamtali, anaukhoma pafupi ndi denga. Zaka zonsezi iye sankaufikira popanda kukwera pachidebe, ndipo ankadandaula, mwamunayo n'kumangoseka kuti kula.

Anakoka chidebe, anaika phazi limodzi, n'kuima. Pansi pa msomali wakalewo, molingana ndi phewa lake, panali msomali wina, watsopano, wonyezimira, fumbi la njerwa likadali pamutu pake. Mwamuna wake sanamuuze kuti waukhoma. Sanamuuzenso kuti pachifuwa pakumupweteka.

"Chitsiru cha munthu," anatero chapansipansi.

Anabweza chidebe pakona ndi phazi, n'kupachika pini ataima pansi.