Makina Osalira Kwambiri

Bambo anga anasiya kumwa madzi chifukwa cha chingwe choyanikira zovala. Ku mafulati kwathu chingwecho n'cha tonse, chili pabwalo pamene zenera lililonse limaona. Chidwalireni sitiroko, bambo amadzikodzera pabedi, ndipo ine ndinkayanika mashiti atatu tsiku lililonse, mvula ikagwa n'kumakhala pomwepo mpaka mawa lake.

Tsiku lina amayi a pa nambala sikisi, amene pakamwa pawo sipapuma, anakuwa ali pansi pa zenera lathu. "Achemwali, kodi m'nyumbamo mwabisamo khanda?"

Bambo anamva. Munthu amene anagwira ntchito zaka makumi atatu kochapira zovala ku hotela, amene shati ya mwini wake ikakhala ndi kadontho ankaibwereza kuchapa. Kuyambira tsiku limenelo kapu ankangoigunditsa pamilomo n'kuikankha. Milomo inang'ambika. Anamwino anandiuza mosapita m'mbali kuti impso sizidikira manyazi a munthu.

Ndinawakalipira, ndinalira, ndinawanyengerera. Zonse zinapita pachabe. Kenaka ndinati, "Ababa, ndikukagula makina oumitsira zovala. Panja sipayanikidwanso kanthu."

Mawu awo masiku ano amatuluka mbali imodzi ya kamwa. "Otchipa usagule, amapsereza. Odula usagule, si iwe hotela. Utsegule kasefa ka thonje, uone ngati kamatuluka ndi dzanja limodzi." Anapumira kaye. "Komanso asamalire kwambiri. Khomali n'lopyapyala."

Loweruka ndinalowa m'sitolo nditanyamula bulangete lawo m'chikwama. Wogulitsa, bambo wa tayi yofiira, anandithamangitsira kwa makina a mabatani ambirimbiri amene ati amalankhula ndi foni. Ndinamuuza kuti kwathu olankhula alipo kale okwanira. Tinafika pa makina atatu a mtengo wapakati. Ndinatulutsa bulangete n'kuliponya mwa oyamba, chitseko chinakana kutseka. Mwa achiwiri linalowa bwino, koma kasefa kake kankafuna zikhadabo za mphaka.

"Ana angati, mayi?" anafunsa akumwetulira. "Matewera amavutadi nthawi ya mvula."

"Mmodzi," ndinatero. Sindikudziwa chifukwa chake ndinayankha choncho, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Achitatu anali oyera, opanda zokometsera. Ndinamupempha kuti awayatse. Anati m'sitolo sayatsa. Ndinati ndiye ine sindigula. Anapita kukafunsa abwana ake, anabwera atakoka chingwe cha magetsi, nkhope ili gwaa. Makina atayamba kuzungulira ndinalowa m'kachipinda kawo kosungiramo katundu, n'kutseka chitseko, n'kugunditsa khutu kukhoma. Ankangomveka ngati munthu wopuma m'tulo. Nditatuluka ndinapeza ogulitsa onse akundiyang'ana ngati wamisala. Ndinalipira osawafotokozera kanthu.

Anawabweretsa Lolemba masana. Kukweza chikatoni chachikulu chotere pamasitepe sikubisika, ndipo amayi a pa nambala sikisi anali kale pakhomo pawo, manja m'chiuno.

"Eee, anzathu zayenda! Dzuwa laulereli lakulakwirani chiyani?"

"Limandiyang'anitsitsa," ndinatero, n'kutseka chitseko.

Makinawo tinawaika m'khonde, pafupi ndi bafa. Bambo anati ndiwakankhire pa njinga yawo ya olumala kuti akaone okha. Anatsegula chitseko cha makinawo ndi dzanja lawo labwino, anasisita m'kati, anasolola kasefa n'kukabwezera. Ndinaikamo mashiti a m'mawa umenewo. Tinakhala awirife tikuonerera nsalu zikugubuduzika kuseri kwa galasi. Makina ataima, bambo anatenga shiti imodzi ikadali yotentha, anaigwira ngodya ina ndi mano, ina ndi dzanja, akufuna kuipinda monga ankachitira ku hotela. Inawapulumuka n'kugwera pansi. Ndinaitola.

"Wasankha bwino," anatero.

Ndinapita kukhitchini, ndinadzaza kapu mpaka pakamwa. Bambo anailandira. Anamwa pang'onopang'ono, madzi ena akutsikira pachibwano, mpaka kapu inatha. Anapemphanso ina. Mtima wanga unakhala pansi koyamba m'masabata atatu, moti ndinayamba kuimba ngati chitsiru ndikupinda chikatoni chija kuti ndikachitaye.

"Iwe," anandiitana. "Katoniyo ukupita nayo kuti?"

"Kudzala, ababa. Ikutitsekera njira."

"Usataye. Uyiike pamwamba pa wadiropu, ndi mapulasitiki ake omwe."

"Ya chiyani?"

Anapukuta chibwano ndi kuseri kwa dzanja, maso ali pa makinawo, osati pa ine.

"Chinthu chikakhala m'katoni yake chimagulika msanga, mwana wanga. Sudzawagwiritsa ntchito nthawi yaitali."