Kalavani ya Achimwene

Marlys sankakhazikika. Akati akhale, mpando unkamuwotcha. Akati aime pawindo, msewu unali mbee, chipale chofewa chokhachokha mpaka polekezera maso. Kalavani imene anagula, kanyumba kamatayala kokoka ndi galimoto, inali m'njira, kuchokera ku Arizona kubwera kuno ku North Dakota, ndipo achimwene ake, a Duane, ankatuluka m'chipatala Lachisanu.

A Duane, munthu amene anakalambira pa ntchito yoika mapaipi m'nyumba za anthu, anagwidwa ndi sitiroko, dzanja lamanzere n'kufa. Madokotala ananenetsa kuti okha sangakhalenso. Kukanakhala kwina bwenzi atangobwera kwa mlongo wawo, koma iwo ndi mwamuna wa Marlys, a Arlen, sankamwerana madzi chikanganirane munda wa malemu bambo a Marlys ndi a Duane. Ngakhale kutchalitchi, wina akalowera khomo ili mnzake ankalowera linalo.

"M'nyumba mwa Arlen? Bola mungondikwirira," anatero a Duane ali chigonere. Koma atamva za nyumba yosungirako okalamba ku Fargo, chimunthu chonsecho chinagwetsa misozi. "Mlongo wanga, kumeneko sindikatha mwezi."

Ndiye Marlys anaganiza za kalavani. Iime pabwalo, isakhale nyumba ya a Arlen, koma pafupi poti mbale ya chakudya n'kufika ikadali yotentha. Atawauza amuna ake, iwo anangoti, "Bwalo ndi lalikulu," n'kupita ku ng'ombe zawo. Munthu wouma pakamwa ngati ameneyu sindinamuonepo.

Kuno nyengo yachisanu ndani angakugulitse kalavani, zonse zitakwiririka? Yabwino Marlys anaipeza pa intaneti, ya mayi wina wamasiye wa ku Yuma, ku Arizona kotentha, a Ocampo, yakhomo lalikulu ndi masitepe afupiafupi. Anapezanso Ramiro, dalaivala wokoka makalavani a anthu. Ramiro ameneyu anaziona.

"Mayi, mwandiimbira ndili ku Utah, mwandiimbiranso ndidakali ku Utah komweko. Mukufuna ndimere mapiko?"

"Koma ikuyenda bwino?"

"Ikunditsata ngati mkazi wansanje. Pitani mukaphike, mayi."

Kuphika kwake kuti? Mbatata zinapserera, khofi anamuthira mchere.

Lachinayi m'mawa Marlys anaona a Arlen akuthira madzi otentha pa mpopi wa kukhola umene unaundana usiku. Madzi! Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti chisanu chisanafike umakhetsa madzi onse m'kalavani, n'kuthira mankhwala ofiirira oletsa kuundana m'mapaipi. Ukapanda kutero madzi amaundana, n'kutupa, mapaipi n'kuphulika. Iye, wobadwira m'chipale, anafunsa za matayala, za mabuleki, za makatani amene, koma za madzi ayi.

Anaimbira mayi Ocampo nthawi yomweyo.

"Madzi? Musadandaule, mwana wanga," anayankha mayiyo mokondwa. "Ndinadzazamo thanki yonse kuti achimwene anuwo akangofika asambe bwinobwino."

Kalanga ine! Ungamudzudzule bwanji munthu woti kwawo madzi sanaundanepo chibadwire? Marlys anathokoza, n'kudula foni, n'kuimbira Ramiro.

"Imani pomwepo, mukhetse madzi onse!"

Ramiro anaimitsa galimoto, n'kukayesa, n'kubwerera pafoni. "Mayi, ndili ku South Dakota, kukuzizira koti mphuno zikumatirira. Ndatsegula mpopi, ngakhale dontho. Zauma gwa! Ine ndimakokera makalavani kotentha, za kuno sindizidziwa."

Tsiku lonselo Marlys anangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Mwina mapaipi apirira. Mwina waphulika umodzi wokha. Achimwene ake ataimba n'kufunsa ngati nyumba yawo yafika, iye anati ili pafupi, n'kusintha nkhani.

Inafika dzuwa litapendeka, yoyera, yokongola, kamaluwa ka mayi Ocampo kakulendewera pawindo. A Arlen analowa m'kati. Analumikiza magetsi, n'kuyatsa mbaula ya m'katimo, ndipo atatuwo anaima kudikira kuti mutenthe. Poyamba munali zii. Kenaka kunamveka do, do, do, kuseri kwa kabati. Posakhalitsa madzi anatulukira pansi pa bedi, ena m'khoma la kubafa, n'kuyenderera mpaka pa nsapato zawo.

Marlys anangoti khwee pa sitepe paja n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, kwa munthu amene watopa. Ramiro anavula chipewa, nati pepani, n'kukalowa m'galimoto mwake.

A Arlen anakwawira kunsi kwa kalavani ndi tochi. Anatenga nthawi. Potuluka, msana uli chipale chokhachokha, anati, "Aphulika paliponse. Mapaipi amtunduwu ndi osowa. Kuti apezeke ndi mpaka chipale chitasungunuka."

"Ndiye mwakondwatu, amuna anga? Achimwene apite ku Fargo akafere komweko!"

"Wanena za Fargo ndani?" Anasasa magolovesi awo, maso ali kumbali. "Chipinda chija choyandikana ndi mbaula chimangosunga makatoni anu."

Marlys anawayang'ana kukamwa kuli yasa. "Sakalola. Mukuwadziwa."

"Sakubwera kudzakhala m'nyumba mwanga. Akubwera kudzadikira kalavani yawo. Munthu amadikirira panja kozizira?"

Lachisanu anapita onse awiri kuchipatala. A Duane ataona mlamu wawo pakhomo anakwinya nkhope, n'kumvetsera Marlys akufotokoza mopupuluma za madzi, za mayi wa ku Yuma, za chipinda cha pafupi ndi mbaula. Anayang'ana khoma n'kufunsa, "Mpaka liti?"

"Mpaka mapaipi atapezeka, alamu," anatero a Arlen. Zaka zonsezo, mawu oyamba pakati pa awiriwa anali amenewo.

Pobwerera, msewu unadutsa pa sitolo ya zipangizo m'tauni, imene a Duane ankagulako katundu moyo wawo wonse. Pawindo pomwe, poonekera aliyense, panali mulu wa mapaipi, ofiira ndi abuluu, amtundu womwewo wa m'kalavani. A Arlen anaumitsa khosi, maso pamsewu. Pagalasi loonera kumbuyo Marlys anaona achimwene ake atatembenuka, kuyang'anitsitsa mulu uja mpaka sitolo itatsala m'mbuyo. Anadikira mawu oti imitsani galimoto.

A Duane anakoka bulangete ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kukhosomola.

"Zoona," anatero. "Mapaipi akusowa masiku ano."