Ndodo ya Makaiko

Makaiko anachoka ku usilikali kalekale, koma usilikali sunachoke mwa iye. Bandi ya anthu a ku Nyasalande ogwira ntchito panjanji ku Umtali ankaiyendetsa ngati gulu lankhondo: chifuwa kutsogolo, khosi gwa, iye ndodo m'manja.

"Kanikiza pamlomo, iwe! Limbitsa thupi!" Umu ndi mmene ankakalipirira Kenani, woimba lipenga lotchedwa koneti, nyimbo ikangokwera pamwamba. Kenani ankakanikizadi mpaka mlomo kutupa, koma chotuluka m'lipengamo chinali kulira kwa nkhuku yachitopa. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kumaitanidwa kuti iwe, kumagogodedwa pamsana anzake akuona! Zinkamuwawa koopsa. Ankangopirira chifukwa Loweruka mwana wake Millicent ankakwatiwa ku Sakubva, ndipo anali atamulonjeza kuti potuluka m'tchalitchi adzamva lipenga la bambo ake.

Lachinayi poyeserera, Makaiko anagamula. "Zakukanika basi. Loweruka udzanyamula ng'oma. Wa koneti ndikabwereka ku Penhalonga."

"Pa ukwati wa mwana wanga, achimwene?"

"Ngakhale akanakhala mwana wa Bwanamkubwa."

Kenani mphamvu zinamuthera, mapewa n'kugwa. Asanabweze konetiyo anaiika pamlomo komaliza, mongotsanzika, osakanikiza, pakuti panalibenso choti apulumutse. Lilime linakwera lokha m'kamwa, monga linkachitira poimbira agalu likhweru kwawo ku Ntcheu. Liwu lapamwamba lija linatuluka, loyera bwino, mpaka amayi otunga madzi pampopi wapafupi anatembenuka. Anabwerezanso. Linatulukanso mosavuta ngati kumwa madzi.

Ndiye kuti masiku onsewa chomutsekereza chinali chiyani? Si ndodo yomweyo? Si kuuma thupi komwe ankamukakamizako? Mkwiyo unamugwira, ndipo anatsegula pakamwa kuti aulule zonse.

Koma Makaiko anali atayamba kale kumwetulira, akusisita ndodo yake monyadira.

"Mwaona nonsenu? Ndodo iyi sinama ayi. Mbuzi yaimba! Chabwino, Loweruka uimba ndiwe." Anatembenukira Yoswa, nkhalamba ya lipenga lachiwiri yomwe mano akutsogolo anali kugwedera kale, n'kuigogoda pamsana. "Tsopano iwe. Kanikiza ngati mnzakoyu!"

Yoswa anayang'ana Kenani ndi maso ofunsa. Kenani anadziwa kuti akangotsutsa, ng'oma ikumudikira. Anaganiza za Millicent pakhomo la tchalitchi, nameza mawu ake, nayang'ana pansi.

Yoswa anakanikiza.