Maluwa a pa Sivi ya Alamu

Ndinafika kwa achemwali ndi chikwama chimodzi. Ndimati ndigone, m'mawa ndipitirire. Ndinapeza amuna awo atatupa pa tebulo, laputopu ili patsogolo.

Alamuwo ndi wolemba zikwangwani. Dzanja lawo tauni yonse imalidziwa. Koma makwerero anawakwana, bondo linayamba kudandaula. Amafuna ntchito ya pampando, ku kampani ina yosindikiza makalendala. Tsiku lotseka linali mawa lake. Sivi, chikalata cha mbiri yawo ya ntchito, anali atatumiza kale. Yankho linabwera tiyi asanazizire: pepani.

"Awerenga nthawi yanji amenewa?"

"Palibe wawerenga, alamu. Amasankha ndi makina. Tandionetsani."

Sivi ija! Maluwa m'mbali monse. Dzina lili m'kati mwa chithunzi cha bulashi. Mawu agawidwa mizati iwiri: kumanzere ntchito, kumanja zokonda.

Ine ntchito ndafunsira m'matauni ambiri. Kukanidwa ndimakudziwa. Ndinakopera zonse n'kuziika pa tsamba lopanda zokongoletsa, kuti aone mmene makina amaonera. Dzina linasowa. Mizati inasakanikirana, mzere uliwonse kudutsa mbali zonse ziwiri.

Achemwali anasuzumira paphewa, n'kuwerenga mokweza.

"'Woyang'anira kuvina. Wothandizira kuweta nkhunda.' Bambo a mwana, ntchito zimenezi munkagwira liti?"

"Iwe, poto wako akupsa."

Tinayamba kugwetsa. Maluwa, kunja. Bulashi, kunja. Mzati umodzi basi. Mitu wamba: Ntchito, Maphunziro, Luso. Pamene anadzitcha "mfumu ya utoto" ndinaika mawu enieni a pa chilengezo cha ntchitoyo.

"Mwandivula, alamu," anatero. "Yangokhala ngati lisiti ya madzi."

"Makina sakopeka ndi maluwa. Si achemwali anga."

Nsanza yopukutira mbale inandipeza kumaso.

Alamu anapempha kaduwa kamodzi, pakona pokha. Ndinakana. Anatumiza atatsinzina.

Tsiku linatha. Pepani uja sanabwere. Ndinakasintha tikiti ya basi. Miyendo inkayabwa, koma mapeto ake ndimafuna ndiwaone.

Lachitatu foni inalira tikudya. Nambala yachilendo. Alamu anaimirira, n'kupukuta dzanja pa buluku. Anali mayi wa mawu ofatsa, kuwaitana ku intavyu Lachisanu.

Alamu anakhosomola.

"Zikomo kwambiri, mayi. Koma ndifunse kaye, musakhumudwe. Inuyo ndinu munthu?"

Kuseka kwa mayiwo tonse tinakumva.