Ndeke ya pa Denga la ba Moven

"Ni iyo! Simuiona pamwamba apo?" anakuwa ba Felistus, chala chili m'mwamba.

Ba Moven anatuluka m'nyumba kaburashi kali m'manja, n'kupeza theka la komboni ya Kanyama litadzaza pabwalo pawo. Kutsogolo kunali ba Whyson, tcheyamani wa chipani m'dera lawolo, bambo wa chimimba chachikulu, ndi mavijilante awiri, anyamata achitetezo a chipani, onyamula zibonga. Onse maso anali padenga. Pamenepo, pakati pa miyala yopsinjira malata, panali kandege kotalika ngati mkono, kakunyezimira padzuwa.

"Ba Moven, nichani chija?" anafunsa ba Whyson.

"Ni ndeke, ba tcheyamani. Nayanika penti iume."

"Manje ichitiranji kuyang'ana ku tauni?"

Ba Moven anakweza maso padenga. Ndege iliyonse imayang'ana kwinakwake.

Kale bamboyu ankapenta ndege zenizeni, zija zophunzitsira asilikali kuuluka. Mkuwa utagwa mtengo, ntchito inatha, koma ndegezo sizinachoke m'mutu mwawo. Anayamba kuzipanga ndi zitini za saladi, mafuta ophikira aja. Matayala ankasema ku mapatapata akutha, galasi la woyendetsa ankalidula ku botolo la pulasitiki. Ikatha, ankaipenta zizindikiro za dziko limene ndege yeniyeniyo inapangidwa. Ya padengayo inali ya ku Italy, ndipo inawadyera nyengo yonse ya mvula.

Koma zaka zimenezo anthu ankanunkhiza akazitape a Mabunu paliponse. Munthu ukangojambula chithunzi pafupi ndi mlatho, unkakagona kupolisi, ndipo abale ako ankatha nsapato kukufunafuna.

"Nakhala nibaona ine," anatero ba Felistus, amene nyumba yawo inagundana ndi ya ba Moven. "Lelo baika iyi, mailo baika inangu. Bapatsa masaini ku bantu ba mumwamba. Tizafa tonse kamba ka beve!"

Vijilante mmodzi anakwera pa dramu n'kuitsitsa, ataigwira ndi nsonga za zala ngati iphulika. Mnzake analowa m'nyumba, natuluka atafungatira zina. Anazindandalika pansi. Ba Whyson analoza ina ndi phazi.

"Iyi nyenyezi yofiira?"

"Ni Yugoslavia. Ni banzathu abo."

"Na iyi?"

"Italy."

"Italy, Yugoslavia. Kansi imwe Zambia inakulakwirani chani?"

Nthawi imeneyo ndi pamene ba Petronella, akazi awo a ba Moven, anatulukira kuchokera kumsika, beseni la vitumbuwa lili pamutu. Ataona tindege tili mbwee pafumbi, nkhope yawo inawala.

"Mwabwera kutenga ivi? Mulungu akudalitseni, ba tcheyamani! Tengani vonse. Pansi pa bedi pali na mapiko yenangu, musayasiye."

"Titenga, amai," anatero ba Whyson. "Na bamuna banu titenga. Bakalondolole bwino kupolisi."

Vijilante mmodzi anagwira ba Moven palamba wa buluku. Kaburashi kanagwa. Ba Petronella anaona kuti si zamasewera, ndipo kuseka kunawathera. Anatula beseni pansi pang'onopang'ono, namanga chitenje mwamphamvu.

"Mwati kazitape? Aba?"

"Ni vamene tamvera."

"Ba tcheyamani, kazitape ni muntu wamene aziba vinthu. Aba baziba chani? Komboni yonse inamvera kuti sopo yabwera ku shopu ya boma. Aba banamvera sabata yokonkhapo, ninshi bantu basamba kale."

Wina kumbuyo anaseka, kenako n'kudzitseka pakamwa.

"Ninabatuma pa laini ya saladi. Banaimirira kuchoka kuseni, kufika kutsogolo bapeza ni laini ya makandulo. Banabwera na vitini vitatu vilibe kanthu, vamene banadoba mumseu, uku bakondwera monga bapeza nchito!"

"Petronella," anadandaula ba Moven chapansipansi.

"Khalani zii, nikukambirani mulandu! Chisinsi? Aba sibasunga chisinsi. Bakadya chitumbuwa changa mobisa, babwera beka kuniuza kuti vachepa shuga. Mabunu ngati banalemba aba nchito, ninshi ba tcheyamani gonani tulo, nkhondo tawina."

Apa bwalo lonse linaphulika. Azimayi ankagwirana mapewa, ndipo vijilante amene anagwira lamba uja anamasula dzanja kuti apukute misozi. Ba Felistus anayesa kunena kuti akazitape enieni amadzipusitsa dala, koma ba Petronella anawatembenukira.

"Imwe muli na maso yabwino, ba neba. Muona ndeke padenga, koma nkhuku zanu zikangena mu kitchini yanga simuziona."

Ba Whyson analuma mlomo kuti asaseke. Anaona kuti kuyenda ndi munthu ameneyu mpaka kupolisi, khamu likuseka m'mbuyo, kukanachotsa ulemu wa chipani. Komanso kubwerera chimanjamanja sikukanatheka. Anakhosomola.

"Chabwino. Koma mafulagi ya bene sitiyafuna muno. Muzipente ma kala ya Zambia."

"Penti ya girini kulibe, ba tcheyamani," anayankha ba Moven. "Nasakila tauni yonse. Ija ya pa Italy inali yotsiriza."

Ba Whyson ankadziwa kuti n'zoona, pakuti chikwangwani cha chipani pakhomo pawo chinali chitasuluka kalekale.

"Ninshi palani. Vonse vichoke. Mailo nizabwera kuona. Ndipo padenga pasakwerenso kanthu, olo nsapato."

Anthu anabalalika akubwereza mawu a ba Petronella. Ena anagulako vitumbuwa popita, ati kuti alawe ngati shuga ndi wochepadi.

Ba Moven anatola tindege tawo, natipukuta fumbi ndi malaya. Anakhala pakhonde, natenga kampeni, n'kuyamba kupala chizindikiro cha pa phiko la ya ku Italy ija. Tizidutswa tofiira, toyera ndi tobiriwira tinkagwera pamaondo awo. Sanayang'ane akazi awo.

Ba Petronella analowa m'nyumba kukamwa madzi. Anagugudiza kapu yonse osapumira. Atatuluka anakhala pambali pa amuna awo.

"Vonse vija, pamenso pa bantu," anatero ba Moven. "Ni mwamene muniganizira?"

"Vinangu ninasiyako. Ninakumverani chifundo."

Ba Moven anafuna kukwiya, koma mphuno inawapereka, kuseka kunatulukira momwemo. Anamaliza phiko limodzi, namaliza linzake. Kenako anaitembenuza ndegeyo chagada kuti apale zizindikiro za kunsi kwa mapiko. Ba Petronella anawagwira dzanja.

"Ivo visiyeni."

"Bakamba kuti vonse."

"Na chimimba chija? Ba Whyson banaleka kalekale kuona nsapato zao. Bazawerama kuti baone pansi pa ndeke?"

Anailanda ndegeyo, naiimika bwinobwino pa matayala ake, n'kuwapatsira ya nyenyezi yofiira.

"Palani pamwamba chabe. Fulumirani, zikali zambiri."